Amene wapatsidwa mpira asaubetchere

Ife a kuno ku Chikombe timadziwa kuti pali zinthu zimene munthu sakwera nazo m'bwato popita ku chilumba cha Mbenji. Mowa umatsala kumtunda, chamba chimatsala kumtunda, njuga nayonso imatsala kumtunda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumbachi mu Disembala ndi kuchitsegula mu Epulo, ndipo utaka ulipo mpaka lero. Makolo athu anaona kuti ntchito imene mudzi wonse ukuidalira siyenderana ndi mtima wosaka ndalama ya mwayi.

Masiku ano njuga yalowa m'mafoni, ndipo yakakamira mpira. Choncho ndilankhule ndi inu osewera, inu makochi, inu oyimbira mpira, ngakhale wa pabwalo la pasukulu.

Ku America kuli masewero otchedwa baseball. Pete Rose anali katswiri wa akatswiri pamasewerowa, koma mu 1989 anachotsedwa chifukwa ankabetcha ali mphunzitsi wa timu ya Cincinnati Reds. Pambuyo pake anavomera, nanena kuti ankabetchera timu yake yomwe kuti ipambane. Kodi zimenezo zikumuyeretsa? Tsiku limene waikapo ndalama, kodi sangaumirize mnyamata wovulala kuti asewerebe? Nanga tsiku limene sanaikepo, adzalimbikira chimodzimodzi? Mtima ukagawika, ntchito yaonongeka kale, ngakhale chigoli chilowe.

Tisaganize kuti ndi za kutali. Mu 2019 bungwe la FIFA linaletsa Hellings Mwakasungula, yemwe anasewerera Flames, kuchita za mpira moyo wake wonse pa mlandu wokonzeratu zotsatira za masewero. Sindikumutchula kuti timuweruze, ayi. Ndi mwana wathu, ndipo nkhaniyi iyenera kutimvetsa chisoni ndi kutichenjeza.

Inu asodzi mundimvetsa. Siginala akagwirizana ndi wina mseri kuti bwato lanu libwere lopanda kanthu, mungapitenso naye panyanja? Goloboyi amene ali ndi tikiti yobetchera m'thumba ndi wotero.

Mu 1 Akorinto 4, Paulo akutiphunzitsa kuti chimene Mulungu amafuna kwa mdindo ndi kukhulupirika. Luso la miyendo yanu anakupatsani ndani? Anyamata amene mukuwaphunzitsa anakusungitsani ndani? Yudasi anasungitsidwa thumba la ndalama, nayamba kutapamo pang'onopang'ono, ndipo tonse tikudziwa kumene anathera. Palibe amene amayamba ndi kugulitsa gemu. Amayamba ndi kandalama kochepa.

Okondedwa a Yehova, inu ogulidwa ndi mwazi wa Mwanawankhosa, sankhani lero. Ngati mwapatsidwa yunifomu, wezulo kapena timu, fufutani za kubetcha m'foni mwanu dzuwa lisanalowe. Ngati zakukolani kale, bwerani kwa akulu a mpingo tipemphere pamodzi, pakuti chisomo cha Ambuye chikadalipo. Amen.