Malita Asanu a Agogo

Kuseri kwa nyumba ya agogo anga, kwathu ku Ntcheu, kuli galimoto imene yakhala pa miyala zaka zoposa khumi tsopano. Matayala ake anasanduka nsapato ndi malegeni, magalasi anasweka kalekale, ndipo pa mpando pamene pankakhala mwini wake pamaikira nkhuku. Anzanga akayamba kukamba za magalimoto oyamba a kwawo ine ndimaseka nawo, nkuponyapo nthabwala zanga za galimoto imeneyi, pakuti nthabwala zake nzambiri. Koma ilipo nkhani imodzi imene sindiikamba, ndipo ndiyo ndafuna kuitula muno, popeza kuno nkumene timati tikuphunzira kusiyanitsa chabwino ndi choipa.

Agogo aamuna anapita ku Joni pa Wenela akali mnyamata. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, boma nkuimitsa zotumiza anthu kumeneko, motero agogo anabwerera kumudzi ndi kandalama kao. Anatsegula okala, ndipo mu 1981 anagula Peugeot 404 ya pikiapu imene inali itatumikirapo kale munthu wina. Iwo sankaiona ngati galimoto wamba. Ankatiuza kuti mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndi kuti unapambana mpikisano wa East African Safari kanai: mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Zaka zimenezi ankazitchula monga momwe ena amatchulira maina a ana ao. Nditakula ndinapeza kuti sankanama, ndi kutinso ku Kenya anapitiriza kulumikiza galimoto za mtunduwu mpaka 1991.

Pamene ine ndinkayamba kuzindikira, galimotoyo inali nkhalamba. Sitata inafa ndisanabadwe, chotero inkagona pamwamba pa kamtunda, mphuno italoza kumunsi, ndipo ntchito yathu ana inali kukankha mpaka itatsokomola. Chitseko cha kumanzere chinkamangidwa ndi waya. Giya inali pa chiwongolero, ndipo ndi dzanja la agogo lokha limene linkadziwa pamene yachiwiri yabisala. Tsiku lija tinaphunzira za ngalawa ya Theseus, imene matabwa ake onse anasinthidwa limodzilimodzi mpaka anthu nkumafunsa ngati idakali ngalawa yomweyo, ine ndinaseka ndekha m'kalasi, chifukwa kwathu funso limenelo linali ndi matayala anai. Koma si limene likundisautsa.

Londisautsa ndi ili: kodi galimoto imeneyi inali ya yani? Pa mapepala inali ya agogo, ndipo thukuta limene linaigula linatuluka m'thupi mwao, pansi pa nthaka ya eni. Komatu m'midzi inai kapena isanu yozungulira panalibenso galimoto ina. Iyo ndiyo inkanyamula mbatata ndi kabichi kupita ku msika wa Lizulu, iyo ndiyo inkatenga akwati, odwala ndi maliro. Ena anabadwira kumbuyo kwake, pa mphasa, isanafike ku chipatala. Anthu ankati "galimoto yathu," ndipo agogo ankamwetulira akamva zimenezo, pakuti iwo anali mkamwini pamudzipo, ndipo mkamwini amene galimoto yake ikutchedwa "yathu" sawerengeredwanso masiku.

M'kabokosi ka kutsogolo munkakhala kabuku. M'menemo agogo ankalemba ulendo uliwonse: tsiku, kopita, ndi ndalama ya mafuta imene munthu walonjeza. Amene walipira ankamukhwatcha. Ndakawerenga kabukuko posachedwapa, ndipo mizere yokhwatchidwa njowerengeka. Sanakalondepo ngongole kwa munthu, ndiponso sanaleke kulemba.

Inu amene munali akuluakulu mu 2011 mukukumbukira bwino kuposa ine momwe mafuta anasowera m'dziko muno. Ndalama zakunja zogulira mafuta zinachepa, magalimoto ankagona pa mizere masiku angapo, ndipo nkhani imeneyi inali pakati pa madandaulo a zionetsero za pa 20 July chaka chimenecho. Kumudzi petulo ankapezeka ndi anyamata a zigubu, pa mtengo woti ukaumva umayamba wakhala pansi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Chimene ndinkadziwa nchakuti pansi pa bedi la agogo panali chigubu cha malita asanu, chokutidwa ndi chiguduli, ndi kuti fungo lake linkafika pa mphasa imene ndinkagona. Mafutawo ankasungira amai anga aang'ono, mwana wao wotsiriza, amene anali woyembekezera ndipo mwezi wao unali pafupi. Mwana woyamba anabadwa pa opaleshoni, ndipo anachenjezedwa kuti wachiwiriyu asayerekeze kuchilira kumudzi. Kuchokera kwathu kukafika ku chipatala cha ku boma ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo kwa galimoto yakumwa ngati ija malita asanu anali a ulendo umodzi, wopita wokha.

Usiku wina mu December, mvula ikuwaza, tinamva kugogoda. Anali bambo wa mnzanga amene ndinkasewera naye mpira wa chikulunga. Anagwada pakhonde.

"Bambo, ndithandizeni. Mwana uja thupi latentha kuyambira dzana, tsopano akungokomoka. Watsala madzi amodzi."

Agogo anaima pakhomo nyali ili m'manja, ndipo anakhala chete nthawi imene kwa ine inali yaitali ndithu. Kenaka anati, "Pepani, mwana wanga. M'galimotomo mulibe mafuta, ngakhale dontho."

Bamboyo sanatsutse. Ndani akanatsutsa, dziko lonse likulira mafuta? Anawomba m'manja, nabwerera mu mdima. Mwanayo anamutengera pa njinga yakapalasa, mai wake atamubereka kumbuyo, bambo akukankha m'matope. Anafika ku chipatala kutacha, ndipo mnzangayo anamwalira ndi malungo madzulo a tsiku lomwelo. Patapita masiku asanu ndi anai amai aang'ono anayamba kudwala, chigubu chinatuluka, galimoto inaliza ulendo. Kunafunikadi opaleshoni. Mwana amene anabadwa tsiku limenelo wayamba sekondale.

Tsono ndifunse: kodi agogo analakwa?

Kwa zaka zambiri ndinkayankha msanga kuti inde, ndipo nditafika kuno ndinapeza wondichirikiza. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti pamene moyo wa munthu uli pa ngozi yoonekeratu, katundu amene angaupulumutse saweruzidwanso ngati wa mwini yekha, kotero kuti womutenga pa nthawi yotero sali mbala. Potsata maganizo amenewa, usiku ujawo malita asanu aja anali a mwana wodwalayo. Ngozi yake inali pakhomo, itagwada, pamene ya amai aang'ono inali ya mawa, ndipo mwina sikanabwera nkomwe.

Koma "mwina" ameneyu ngwopepuka m'kamwa mwa munthu amene woyembekezerayo si mwana wake. Agogo sankasunga mafuta a ku ukwati kapena a ku msika. Ankasunga moyo wa anthu awiri, pa chenjezo la a chipatala. Ndipo atapereka, ndani akanawabwezera masiku asanakwane? Yankho linali m'kabuku kaja, zaka makumi atatu za malonjezo. Sindikhulupirira kuti bambo amene wasankha mwana wake pakati pa ana awiri amene ali pa ngozi wachita chinthu chachilendo kapena chauchinyama. Bambo wogwada pakhonde uja nayenso ankasankha wake. Akanakhala kuti agogo anangokana, ndikanawamvetsa, ngakhale mtima ukuwawa.

Koma sanakane. Ananama. Mwina wina anganene kuti mau ao anali oona, pakuti m'galimotomo munalibedi mafuta, anali m'nyumba. Ine ndikuti limenelo ndi bodza lovala jekete. Chimene ankafuna nchakuti bamboyo achoke akukhulupirira kuti thandizo palibe, ndipo anachokadi akukhulupirira chomwecho.

Immanuel Kant analemba mu 1797 kuti munthu sayenera kunama ngakhale kwa chigawenga chimene chafika pakhomo kufunsa kumene wabisala mnzako. Ambiri a ife m'kalasi tinamuseka, ndipo pa chitsanzo chimenecho ine ndidakamusekabe. Koma pakhomo pa agogo sipanaime chigawenga, ndipo chimene bodza lao linawononga ndinachimva ndi makutu anga m'mawa mwake. Agogo aakazi, amene usikuwo anali atagona ku nyumba ya amai aang'ono, atamva zonse anafunsa funso limodzi lokha, akupeta mpunga, osakweza mau:

"Nanga bwanji simunawatenge onse awiri? Uyu akanakakhala ku chidikiro."

Agogo aamuna sanayankhe. Anatenga khasu napita kumunda.

Taonani, anzanga. Njira inalipo, ndipo inali yapafupi. Ulendo umodzi womwewo ukanatenga mwana wodwala ndi mai woyembekezera, mmodzi kukalandira mankhwala, wina kukadikira tsiku lake pafupi ndi madokotala monga amachitira amai ambiri a kutali. Kukanavuta, inde, pakuti kukanafunika womudikirira, ufa, nkhuni, ndi kusiya munda nthawi yopalira. Koma zimenezo si moyo wa munthu. Sindikunena kuti mwanayo akanachira ndithu, poti malungo ofika pokomola mwana amapha ngakhale wafika msanga. Ndikunena kuti agogo, munthu wanzeru amene ankatha kudzutsa injini yakufa ndi waya ndi sopo, sanaione njira imeneyi chifukwa anaganiza okha, mwamantha, nyali ili m'manja. Akanati, "Mafuta alipo malita asanu, koma ndikusungira uje, titani?" nkhaniyo ikanakhala ya anthu atatu kapena asanu, ndipo wina akanaitulukira monga anaitulukira agogo aakazi asanamalize kupeta lichero limodzi. Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Bodza lija linachotsa mitu ina yonse pansi pa dengalo, ndipo linamulanda bambo uja ngakhale mwai wopempha bwino, popeza munthu sangapemphe chinthu chimene wauzidwa kuti kulibe.

Apa ndikanatha kuimika mlandu, agogo nkuwapeza olakwa. Koma chilungamo chikundikakamiza kufunsanso chifukwa chimene munthu wosazolowera kunama ananamira. Ndikuganiza kuti nchifukwa chakuti kwathu mwini chinthu saloledwa kunena kuti "ndili nacho, koma." Tili ndi mau awiri okha, "tengani" ndi "palibe." Amene wanena kuti chilipo koma akusungira wake, mawa dzina lake ndi woumira, mkuja ndi mfiti, makamaka ngati ndi mkamwini ndipo amene wamusungirayo ndi wa magazi ake. Timatamanda umunthu wathu m'mapepala amene timalemba kuno, ndipo sindikuunyoza, pakuti ndi umene unachititsa kuti galimoto ya munthu mmodzi ipulumutse anthu a midzi isanu. Koma umunthu umene umadziwa kutcha galimoto kuti "yathu" pokwera, nkuitcha kuti "ya agogo" pothira mafuta, umaphunzitsa eni zinthu kubisa. Chigubu chija sichinapite pansi pa bedi usiku umenewo. Chinapitako pang'onopang'ono, mzere uliwonse wosakhwatchidwa ukuchikankha.

Ndipo pali chinthu china chimene chimandichititsa manyazi m'malo mwa mudzi wonse. Uthenga wa maliro utafika, anthu anasonkha. Dzuwa lisanalowe tsiku lotsatira ndalama inakwana yogulira malita khumi kwa anyamata a zigubu, pa mtengo wao uja, ndipo galimoto yomweyo, woyendetsa yemweyo, inapita ku boma kukatenga thupi. Mafuta amene anasowa mwana akupuma anapezeka atasiya kupuma. Sikuti anthu athu ngouma mtima. Za maliro tili nalo dongosolo: a mfumu amalengeza, mbale imayenda, aliyense amadziwa gawo lake. Za matenda a pakati pa usiku tinalibe dongosolo lina koma chitseko cha agogo.

Za ine ndemwe ndisadzibise. Ndinali maso usiku umenewo, ndipo ndinkadziwa za chigubu. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu satsutsa agogo ake pamaso pa mlendo, ndipo palibe bwalo limene lingandiimbe mlandu. Komabe ndikamakumana ndi bambo uja pa tchuthi, iwo nkundifunsa mwansangala za maphunziro, ndimaona kuti akuwerenga pa msinkhu wanga pamene wao akanafika. Anaiona galimoto ikutuluka patapita masiku asanu ndi anai. Sanafunsepo kumene mafutawo anachokera, ndipo pamene galimotoyo inafa mu 2013 iwo anali mmodzi wa amuna amene anathandiza kuikweza pa miyala.

Agogo aamuna anatisiya patapita zaka zitatu. Ogula zitsulo zakutha abwerapo kawiri, agogo aakazi nkuwabweza, ati nkhuku zisowa poikira. Tchuthi chapitachi ndinatsegula kabokosi kaja ndi mpeni, kabuku nkukapeza kadakali momwemo, chiswe chitadya m'mbali. Pa tsamba la December 2011 pali maulendo awiri. Wa amai aang'ono alibe ndalama pambali pake. Winawo analemba kuti "maliro a mwana, ku boma, malita 10," ndipo ndi wokhwatchidwa. Pakati pa tsamba limenelo ndi la November pali mzere umene analembapo tsiku lokha, la usiku uja, osalembapo kopita.