Mphaka Wopanda Mwini Ngwa Yani?

Munthu woyenda m'mamawa pa mcenga wa ku Chembe, nthawi imene asodzi alikukoceza ndi usipa wa usiku, saona anthu okha iai. Pansi pa mathandala oyanikapo nsomba, kuseri kwa mabwato, ndi kudzala kwa nyumba zogona alendo, aona amphaka oonda ndi a zironda alikudikira kansomba kakugwa. Tikafunsa kuti, "Mphaka uyu ngwa yani?" yense ayankha, "Si wanga." Cifukwa cace tifuna kusinkhasinkha pamodzi ndi owerenga athu za mlandu uwu, umene uoneka waung'ono, koma uyesa mtima wa mudzi: kodi nyama yopanda mwini tiyenera kuicitira ciani?

Poyamba tibvomere kumene anacokera. Amphaka awa sanaturuke m'thengo monga bvumbwe. Makolo ao anali a m'nyumba zathu. Tinakawapempha kwa anansi pamene makoswe analikutha cimanga m'nkhokwe ndi kuboola matumba a usipa. Koma mphakayo ataswa, ana ace tinakawasiya kuchire, kapena tinangoleka kuwapatsa cakudya kufikira anacoka okha. Akuru anati, walira mvula walira matope. Tinalira wogwira makoswe, ndipo matope ace ndi awa. Tsono mphaka wopanda mwini ndiye mangawa a mudzi wonse.

Tiwerenge monga ticita kusukulu. Mphaka wamkazi ayamba kutenga bere asanathe miyezi 6, ndipo bere lace likhala masabata 9 okha. Aswa kawiri kapena katatu pa caka, ana anai kapena asanu nthawi imodzi. Tikatenga ciwerengero cocepa, kawiri pa caka ana anai, ndiwo ana 8 a mai mmodzi, ndipo akazi a mwa iwo adzaswanso caka cisanathe. Ana ambiri obadwira kubwalo amafa asanakule, ndi njala, ndi nthenda, ndi agaru. Munthu wonena kuti, "Alekeni, adziwa okha kukhala," ayesa kuti acita cifundo, koma alikungotembenuza nkhope kuti asaone imfa zimenezi.

Ena anena kuti, "Tiwaphe onse." Njira iyi taiona: anyamata ndi miyala, nsomba yothira mankhwala akupha, thumba lomangidwa pakamwa ndi kuponyedwa m'nyanja. Nsomba ya mankhwala siisankha mwini: aidya garu wa mnansi, nkhuku, ngakhale mwana wokwawa. Mnyamata amene akuru amseka pozunza nyama alikuphunzira kuti kulira kwa wopanda mphamvu ndi masewera, ndipo phunziro lotero silikhalira pa amphaka pokha. Kuonjezera apo, njira iyi siithetsa bvuto. Pokhala pali cakudya, malo osiyidwa ndi amphaka ophedwa alowamo ena ocokera ku midzi ya pafupi, ndipo otsala aswana msanga popeza cakudya cawacurukira. Asodzi adziwa kuti kukapa madzi m'bwato kulibe phindu munthu asanatseke pobooka.

Tinenepo ndi za mantha a ufiti, pakuti ambiri aponya mphaka mwala cifukwa analira usiku pa tsindwi. Kulira kuja, konga kwa khanda, ndiko kuitana kwa wamkazi wofuna mwamuna, ndi kumenyana kwa amuna olimbirana iye. Mphaka wofulidwa acepetsa kulira kotero ndi kuyendayenda usiku.

Njira yacitatu, imene icitika m'maiko ambiri, iri ndi mbali zitatu: kugwira, kufula, ndi kubweza. Amchera msampha wa waya wosabvulaza, wolowa mosaturuka monga mono wa nsomba. Dotolo wa ziweto amgoneka ndi mankhwala kuti asamve kuwawa. Wamwamuna amfula, wamkazi amcotsa cibaliro. Ambaya katemera wa ciwewe, nadula nsonga ya khutu limodzi kuti ikhale cizindikiro, asagwidwe kawiri. Atatsitsimuka ambweza pamalo pomwe anamgwira. Kumeneko apitiriza kugwira makoswe, koma saswanso, ndipo gulu licepa pang'onopang'ono, okalamba akumafa popanda olowa m'malo mwao. M'dziko la Italy lamulo la caka ca 1991 linaletsa kupha amphaka okhala mwa okha, nililamula kuti azifulidwa ndi kubwezedwa kwao. Kwathu kuno bungwe la LSPCA, loyamba ku Lilongwe mu 2008, lafula agaru ndi amphaka ambiri.

Tsono timve mau a otsutsa, pakuti ali ndi nzeru. Woyamba ati, "Kufula nyama ndiko kulimbana ndi Mlengi." Koma ife tifula ng'ombe za pangolo ndi atonde, ndipo palibe aciyesa cimo. Ngati ticita ici cifukwa ca phindu lathu, tidzacikana bwanji pamene cicitika kuti zolengedwa zisabadwire kufa ndi njala?

Waciwiri ati, "Ana a anthu alikusowa mankhwala, ndipo inu mufuna kutaya ndalama pa amphaka?" Mau awa ngolemera, ndipo sitinena kuti mphaka alingana ndi mwana. Koma kumbukirani ciwewe. Nthenda iyi ipha anthu monga 59,000 pa dziko lonse caka ndi caka, ndi pakati pao pali ana ambiri, ndipo ikaonekera pa munthu siicizika. Kawirikawiri icokera kwa agaru, koma mphaka wolumidwa ndi garu wodwala aitenga, naipatsa mwana womseweretsa. Mu 2015 a Mission Rabies anabaya katemera agaru oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre kuti ana asafe. Kubaya nyama ndiko kuchinjiriza mwana. Ndipo wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo.

Wacitatu ndiye wotibvuta koposa. Iye ati, "Mphaka wofulidwa saleka kusaka, nanga mbalame ndi abuluzi alibe moyo?" Anena zoona. Pa cilumba ca Marion, ca dziko la South Africa, anthu anafika ndi amphaka asanu mu 1949 kuti agwire mbewa. Pofika 1977 anali monga 3,400, nalikupha mbalame za m'nyanja zikwi mazana caka ciri conse, kotero kuti panalibe njira yina koma kuwatha onse, nchito imene inatha mu 1991. Lero mbewa zomwezo zidya anapiye a mbalame pa cilumbaco. Nkhani iyi itikhudza, pakuti Chembe ndi mudzi wozingidwa ndi nkhalango yosungidwa ya Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, imene UNESCO inailemba mu 1984 pakati pa cuma ca anthu onse a pa dziko. Cifukwa cace kubweza kuli ndi malire ace. Mphaka abwezedwe pakati pa nyumba ndi mathandala, pamene pali makoswe ndi anthu omyang'anira. Asatayidwe m'phiri la nkhalango, ndipo munthu asaoloke naye kunka ku zilumba za Thumbi, Domwe kapena Mumbo. Cifundo cocitira mphaka cimene citha mbalame za pa cilumba ndico cifundo ca diso limodzi.

Pali cinthu cinanso cimene ophunzira za ziweto anacipeza: ngati ofulidwa safika monga atatu mwa anai a gulu lonse, otsalawo aswana ndi kudzaza malo, ndipo nchito yonse ipita pacabe. Ipitanso pacabe ngati anthu apitiriza kutaya ana a amphaka a m'nyumba zao. Apa mpamene tiona kuti mlandu uwu suli wa dotolo yekha, kapena wa alendo a mtima wofewa obwera kudzasambira. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono abale, ticitenji? Yense woweta mphaka amdyetse, ambayitse katemera, namfulitse pamene mpata upezeka. Akuru a mpingo ndi a komiti ya asodzi apite pamodzi kwa mfumu, kuti mudzi upemphe alangizi a ziweto a boma la Mangochi ndi mabungwe odziwa nchitoyi. Matumbo a nsomba ndi zotsala za ku nyumba za alendo zikwiriridwe. Aphunzitsi ndi makolo aletse ana kuponya miyala. Tsiku limene mlendo adzafunsa pa mcenga paja kuti, "Mphaka wodulidwa khutu uyu ngwa yani?" tiyenera kukhoza kuyankha opanda manyazi kuti, "Ngwathu."