Webusaiti Imadya Chaka ndi Chaka

Wamalonda akaganiza zokhala ndi webusaiti, funso lake limakhala limodzi: kupangitsa ndi ndalama zingati? Akagwirizana mtengo ndi wopangayo, n'kuona dzina la bizinesi yake likuwala pa foni, amati nkhani yatha. Komatu ndalama imene imagwetsa anthu ndi yobwera pambuyo pake, ndipo ndi imene ambiri sailemba mu bajeti.

Webusaiti ili ngati shopu ya lendi. Dzina lake, limene amati domeni, kaya likuthera ndi .mw kapena .com, mumalilipira chaka ndi chaka. Kompyuta imene imasunga masamba ndi zithunzi zanu nayonso ili ndi mwini wake amene amadikira ndalama yake. Tsiku lolipira likadutsa, webusaiti imazima, imelo ya bizinesi imaleka kulandira makalata, ndipo mukachedwa kwambiri dzinalo wina akhoza kulitenga.

Chovuta kwa ife ku Malawi n'chakuti mabilu ambiriwa amawerengedwa m'madola. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bilu ya madola sinasinthe, koma makwacha olipirira anakwera usiku umodzi. Onjezani vuto lopeza ndalama zakunja ku banki. N'chifukwa chake ndikuti zolipira za pachaka muzilemba m'madola, muzipatula kangachepe mwezi uliwonse, ndipo muzilipira tsiku lisanafike.

Pali ndalama inanso: ya munthu wosamalira. Pulogalamu yopangira webusaiti ya WordPress ndi yaulere, koma imafuna wina woikonzanso nthawi ndi nthawi kuti akuba a pa intaneti asapeze polowera. Mitengo ikasintha m'shopu, isinthenso pa webusaiti. Kasitomala amene wawononga bandulo yake kudikira chithunzi cholemera kuti chitseguke, n'kupeza mtengo wa chaka chatha ndi nambala imene sikugwiranso, sabweranso. Kudziwa zinthu kumapulumutsanso ndalama. Kuyambira 2018 pulogalamu yotsegulira mawebusaiti ya Chrome imachenjeza anthu za webusaiti yopanda satifiketi ya chitetezo, koma satifiketi yotere imapezeka mwaulere ku Let's Encrypt, choncho funsani musanailipire.

Ndipo domeni ilembedwe m'dzina la bizinesi yanu, mapasiwedi onse akhale m'manja mwanu. Wopanga webusaiti akasamuka kapena mukasemphana, musamachite kupempha chinthu chimene munalipira nokha.

Musanapereke ndalama yoyamba, werengerani zolipira za zaka 3, n'kudzifunsa ngati malonda anu angazisenze. Ngati sangathe, palibe chamanyazi kuyamba ndi WhatsApp ndi Facebook, n'kumalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba mpaka bizinesi itakhwima. Webusaiti yakufa imauza kasitomala kuti bizinesi nayonso inafa, pamene inu mukutsegula shopu m'mawa uliwonse.