Dzina la Esposito ndi Abambo Amene Sanalembedwe M'kaundula

Ana anga, inu amene mumachezera usiku kuonera mpira wa ku Italy, dzina lakuti Esposito si lachilendo m'makutu mwanu. Ena mwalimva likutchulidwa pa masewero a Inter Milan, ena mwaliwerenga pa mayina a anthu ochita mafilimu. Ndikufuna mudziwe kumene linachokera, chifukwa m'dzinali muli nkhani imene ikukukhudzani, makamaka inu anyamata amene ndevu zayamba kumera.

Mumzinda wa Naples, kummwera kwa Italy, m'dera la Forcella, muli tchalitchi ndi nyumba yachifundo yotchedwa Annunziata, imene inayamba m'zaka za m'ma 1300. Pakhoma lake loyang'ana kumsewu panali kabowo, ndipo kuseri kwa kabowoko kunali chimgolo chathabwa chozungulira, chotseguka mbali imodzi. Mayi ankabwera usiku atadzifunditsa, n'kulowetsa khanda lake pabowopo, mgolo uja n'kutembenuzidwa. Khandalo linkatulukira m'kati mwa nyumba, momwe munali amayi olondera usiku wonse. Wosiya mwana sankaoneka nkhope, wolandira sankafunsa funso.

Kenako mlembi ankatsegula kaundula. Ankalemba tsiku ndi nthawi imene mwana wafika, nsanza zimene amukulungamo, chipsera kapena chizindikiro chilichonse cha pathupi pake. Mwanayo ankamuveka chingwe m'khosi chokhala ndi kachitsulo ka nambala yake. Amayi ambiri ankasiya kanthu m'nsaluzo: theka la mendulo ya woyera mtima, theka la ndalama yachitsulo, kapepala kong'ambidwa pakati. Theka linalo ankapita nalo kwawo, kuti tsiku lina zinthu zikadzayenda bwino adzabwere nalo, azidzalumikiza, mwana n'kuzindikirika. Mayi wopanda chikondi sadula mendulo pakati, ana anga. Amayi amenewa anali atapanikizika mpaka kusowa kolowera.

Pamalo polemba makolo, mlembi ankaika mawu a Chilatini akuti expositus, kutanthauza woikidwa poyera, wosiyidwa kuti amutole wachifundo. Apa ndi pamene panatuluka dzina la Esposito. Anthu a mumzindawo ankawatchulanso anawa kuti ana a Maria Virigo, pofuna kufewetsa nkhani, koma aliyense womva dzinalo ankadziwa kuti mwini wake analowera pabowo. Mizinda ina inali ndi mayina akeake. Ku Rome, komwe chipatala cha Santo Spirito chinayamba kulandira makanda otere m'nthawi ya Papa Innocent III, ankati Proietti, otayidwa. Ku Florence ankati Innocenti, potengera nyumba ya Spedale degli Innocenti, imene mapulani ake anajambula mmisiri Filippo Brunelleschi ndipo inatsegulidwa mu 1445. Ku Milan ambiri ankapatsidwa dzina la Colombo, nkhunda, chifukwa nkhunda inali chizindikiro cha chipatala chimene chinkawalera.

Lero Esposito ndi dzina lofala kuposa lina lililonse ku Naples, ndipo lili m'gulu la mayina ofala kwambiri m'dziko lonse la Italy. Taimani kaye pamenepa. Kuti dzina lopatsidwa kwa ana osiyidwa lichuluke chomwechi, makanda amene anadutsa pabowo paja anali angati? Ndipo amene anakula n'kubereka ndi okhawo amene anapulumuka. M'nyumba zimenezi ana ambiri ankamwalira asanathe chaka. Amayi olembedwa ntchito yoyamwitsa anali ochepa, mmodzi n'kumayamwitsa makanda angapo, matenda n'kumayenda kuchoka pa mwana uyu kupita pa uyo. Amwayi ankatumizidwa kumidzi kwa amayi olandira kandalama pamwezi, ndipo ena mwa iwo ankakula ngati antchito a pakhomopo.

Funso limene limandiwawa ndi ili: abambo a ana amenewa anali kuti? M'kaundula mulibe. Mtsikana ndiye ankanyamula mimba mobisa, ndiye ankabereka mwamantha, ndiye ankayenda mumdima kupita pabowo. Mwamuna m'mawa mwake ankadzuka, n'kusamba, n'kupita kuntchito, Lamulungu n'kukakhala pa benchi ya kutsogolo. Ngakhale malamulo ankamuteteza. Lamulo la Italy la mu 1865 linkaletsa kufufuza bambo wa mwana wobadwa kunja kwa ukwati, kupatula ngati mtsikanayo anachita kugwiriridwa kapena kubedwa. Katswiri wa mbiri David Kertzer analemba buku lonse pa nkhaniyi, Sacrificed for Honor, kusonyeza kuti anawa ankaperekedwa nsembe pofuna kusunga ulemu wa mabanja. Enanso, makamaka ku Milan, anali ana a m'banja ndithu, amene makolo awo anagonja ndi umphawi. Koma pa ana obadwa kunja kwa ukwati, amene ankapindula ndi chinsinsi cha mgolo uja anali mwamuna.

Inu anyamata, ndikukuuzani mosapsatira. Kuno kwathu tilibe bowo pakhoma la tchalitchi, koma tili ndi mawu amene amagwira ntchito yomweyo: "Mimbayo si yanga." Mnyamata amawanena pamaso pa makolo ndi atsibweni a mtsikana osaphethira, kenako n'kusintha nambala ya foni, n'kukwera basi ya ku Joni. Akaganiza amati nkhani yatha. Siinathe. Yangosamukira pamsana pa mtsikana amene sukulu yake yathera pomwepo, ndi pa mwana amene adzafika zaka zofunsa kuti, "Kodi bambo anga ndani?" Ukakayika ngati mwanayo ndi wako, pali njira zofufuzira, akuluakulu alipo, achipatala alipo. Koma kukana chimene mtima wako ukudziwa chifukwa choopa kugula matewera ndi sopo, chimenecho ndi uchinyama. Ngati sunakonzeke kulera, usachite zobweretsa mwana. Ngati zachitika, imirira, tumiza akwanu akaonekere, mwanayo adziwike kuti ali ndi kwawo mbali zonse ziwiri. Ngakhale ukwati utalephereka, ubambo sulephereka nawo.

Anthu a ku Naples nawonso anafika pozindikira kuti dzinali linali chilango kwa wosalakwa. Mu 1811 mfumu Joachim Murat, mlamu wake wa Napoleon, amene ankalamulira Naples nthawi imeneyo, analamula kuti makanda osiyidwa asamapatsidwenso dzina la Esposito, chifukwa linkawatsata moyo wonse, pofunsira mbeta ngakhale pofuna ntchito. Alembi anayamba kupeka mayina ena. Ndi chifukwa chake khanda lina limene linasiyidwa pa Annunziata mu July 1852 silinatchedwe Esposito. Analitcha Genito, koma polemba chilembo chimodzi chinasokonekera n'kukhala Gemito. Mayi wina wosauka, Giuseppina Baratta, amene mwana wake anali atamwalira kumene, analitenga kukalera. Mwanayo ndiye Vincenzo Gemito, mmodzi mwa amisiri akuluakulu oumba ndi kusema ziboliboli amene Italy inakhala nawo. Chiboliboli chake cha kamnyamata kogwira nsomba chinatchuka ku Paris mu 1877, ndipo china, cha mfumu Charles V, chaima mpaka lero kumaso kwa nyumba yachifumu ya ku Naples. Mwina mumzinda womwewo munali mwamuna amene ankadutsa pamenepo osadziwa n'komwe kuti manja amene anapanga chimenecho ndi magazi ake. Ulemu wonse wa Gemito ine ndimaupereka kwa mayi uja amene anamuyamwitsa.

Bowo la Annunziata linatsekedwa mu 1875, chaka chomwe la ku Florence linatsekedwanso, ndipo mu 1923 boma linathetsa mchitidwewu m'dziko lonse. Koma a Esposito anali atachuluka kale, ndipo anayenda nalo dzina lawo kulikonse kumene njala inawapirikitsira.

Ku Naples komweko amasimba za Raffaele Esposito, wophika pizza, amene akuti mu 1889 anakonzera Mfumukazi Margherita pizza ya tomato, tchizi choyera cha mozzarella ndi masamba obiriwira a basil, mitundu itatu ya mbendera ya Italy. Akatswiri a mbiri amatsutsana pa zina za nkhaniyi, koma chakudyacho chimadziwika ndi dzina la mfumukaziyo dziko lonse lapansi, ndipo anthu a mumzindawo akafuna kutchula mwini luso amatchula munthu wa dzina la ana otoledwa.

Ku Canada, m'tauni ya Sault Ste. Marie, munabadwa abale awiri, Phil ndi Tony Esposito, zidzukulu za anthu ochoka ku Italy. Masewero awo ndi hoki ya pa madzi oundana, amene kuno sitiwadziwa, koma kumeneko ndi ofunika monga mpira wamiyendo kwa ife. Phil anamwetsa zigoli 76 m'chaka chimodzi cha ligi, 1970 mpaka 1971, zimene munthu anali asanachitepo, ndipo anatenga chikho cha Stanley Cup kawiri ndi timu ya Boston Bruins. Mng'ono wake Tony anali goloboyi wa Chicago. Wina ntchito yake kumwetsa, wina kutchinga, ndipo ankakumana m'bwalo ali mbali zosiyana. Giancarlo Esposito, amene mumamudziwa ngati Gus Fring mu Breaking Bad, anabadwira ku Copenhagen mu 1958. Bambo ake anali kalipentala wa m'nyumba za zisudzo wochokera ku Naples, mayi ake woimba wachikuda wochokera ku Alabama.

Nanga anyamata anu a mpira aja? Salvatore, Sebastiano ndi Francesco Pio Esposito ndi ana a bambo mmodzi, a ku Castellammare di Stabia, pafupi ndi Naples, ndipo onse atatu anakulira m'timu ya achinyamata ya Inter. Mu December 2019 Inter ikusewera ndi Genoa inapatsidwa penate. Womenya anali Romelu Lukaku, koma anapereka mpira kwa Sebastiano, mwana wa zaka 17, amene anagoletsa chigoli chake choyamba mu ligi yaikulu n'kuthamangira kukakumbatira mayi ake m'mbali mwa bwalo. Wamng'ono pa onse, Pio, wafika povala yunifomu ya timu ya dziko. Bambo awo, amene nayenso anali wampira ndi mphunzitsi, analipo pamene anawa ankaphunzira kumenya chikopa. Kumayambiriro kwa mzera wawo mwina kunali khanda lopanda bambo, koma penapake panapezeka mwamuna amene anakhala pakhomo n'kulera ana ake, wotsatira wake n'kuchita chimodzimodzi, mpaka dzina lija linasanduka lonyaditsa. Palibe amene analisintha chilembo. Chinasintha ndi khalidwe la olinyamula.

N'chifukwa chake sindifuna kumva pakamwa panu mawu aja akuti "mwana wapathengo". Ndawamva akuponyedwa pa mjigo, pabwalo la sukulu, ngakhale pa maliro pogawa katundu wa malemu. Mwana sasankha khomo lobadwira. Amene mukumunyozayo analipo pamene akuluakulu awiri ankachita zawo? Ngati pali woyenera manyazi, ndi uja anathawa. Italy inatenga nthawi yaitali kuti ivomere zimenezi: mu 1975 inakonza malamulo a banja, ndipo mu 2012 inachotseratu kusiyanitsa ana a m'ukwati ndi obadwa kunja kwake. Inu musadikire lamulo kuti likuphunzitseni kulemekeza mnzanu wa m'kalasi. Ndipo inu amene munakula osawadziwa bambo anu, amene mukulemba dzina la agogo kapena la amayi pa mafomu a mayeso, lembani ndi dzanja losanjenjemera. Dzinalo ndi la munthu amene sanakuthaweni.

Atsikana, adzukulu anga, mawu anga kwa inu ndi ofatsa koma ndi olemera. Mtsikana wa ku Naples ankapita pabowo chifukwa kwawo kunalibe womulandira, ulemu wa banja unali patsogolo pa moyo wa khanda. Ife makolo athu anatisiyira chuma chimene iye analibe. M'mabanja a chikamwini mwana ndi wa mbumba, ali ndi atsibweni ake, ali ndi agogo ake, kaya bambo aoneke kaya asaoneke. Chuma chimenechi m'tauni chikutha, ndikudziwa, ndipo mtsikana wa lendi ku Ndirande kapena ku Kawale amatha kudziona ali yekhayekha. Timamva pa wailesi za makanda opezeka m'zimbudzi ndi m'ngalande, ndipo mtima umasweka pawiri, chifukwa cha khandalo ndi chifukwa cha mwana mnzake amene analibereka ali yekha mumdima. Ukaona kuti mwezi wadumpha, usamange mimba ndi nsalu, usamwe zimene anzako akukupatsa kuseri. Uza munthu wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, kaya ndi azakhali, kaya mayi wa kumpingo, kaya namwino. Yamba sikelo msanga. Ukali wa makolo ndi wa masiku ochepa, umaphwa akangomunyamula mdzukulu. Sukulu imalola kubwerera ukabereka. Mwamuna akakana udindo, lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la mu 2010 limakupatsa mphamvu yokamusumira kukhoti kuti azipereka chithandizo cha mwana, ndipo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lililonse angakuuze poyambira.

Inunso amene mudzakhale atsibweni ndi azakhali mawa, mlongo wanu kapena mwana wa mlongo wanu akadzabwera akulira ndi nkhani yotere, mafunso adzabwere pambuyo. Choyamba mudzamutsegulire chitseko, adye, agone, m'mawa mudzamuperekeze kuchipatala.