Wazisudzo za ana ndi wantchito wa ndani?

Pali funso lomwe lakhala likundizunguza mutu, ndiye ndati ndilitule pano tithandizane nzeru. Munthu akakatenga digiri yachiwiri ya zisudzo, n'kubwerako akuti ntchito yake ndi masewero a ana, kodi amabwera ngati wantchito wa ndani? Wa kamwana kokhala pafumbi kaja, kapena wa bwana wosaina cheke?

Musandimve molakwa, sindikunyoza sukulu ayi. Du Chisiza Jr atapambana mpikisano wa zisudzo za m'sukulu mu 1982 ali pa HHI, anakaphunzira ku Philadelphia, nabwerako mu 1987 n'kuyambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Chris Kamlongera anakatenga udokotala wake ku Leeds, ndipo iye, David Kerr ndi ophunzira a Travelling Theatre ya ku Chancellor College anatulutsa zisudzo muholo n'kupita nazo kumidzi, monga ku Mbalachanda mu 1981. Amenewa sukulu siinawapusitse.

Ndipo wofuna kusewerera ana ali ndi zambiri zoti aphunzire. Mwana wa zaka zisanu saonera ngati wa zaka 12. Akatopa sadikira kuti sewero lithe ndiye akadandaule kunyumba monga timachitira akuluakulufe. Amangoyamba kutsina mnzake pomwepo. Kusukulu zapamwamba amaphunzitsa zonsezi: kutalika kwa sewero, kayendetsedwe ka zidole, ngakhalenso njira ya Augusto Boal wa ku Brazil, yoti woonera azilowa m'bwalo n'kusintha nkhani.

Koma pali phunziro lina lomwe limadzakula kuposa onsewa, ndilo kulemba kalata yopempha ndalama. Ana sagula matikiti, izi tonse tikudziwa. Ndiye wophunzira wathu uja, poti naye ali ndi lendi yoti alipire, amagogoda kumabungwe. Mabungwe ndalama ali nazo, komatu ndalama yawo imabwera itabereka uthenga kumbuyo: sambani m'manja, pewani Edzi, musakwatiwe mukadali aang'ono, bzalani mitengo. Pakatha zaka zingapo, munthu amene ankalota zoseketsa ndi kuliza ana wasanduka katswiri wolemba malipoti, ndipo ubwino wa sewero akuuyeza ndi chiwerengero cha mitu yomwe inakhala pansi.

Kodi n'kulakwa? Apa ndiye pamandivuta. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ngati kasewero ka mphindi 20 kangapangitse mwana kusamba m'manja, ine ndine yani kuti ndizikamba za luso? Maliro alibe luso, abale.

Komabe mtima wanga sukhazikika. Ife akuluakulu tinkapita kukaonera Izeki ndi Jakobo, palibe amene ankatidikirira pakhomo ndi pepala kuti tilembe zomwe taphunzirapo. Tinkaseka, ena n'kudziona okha m'sewero, ena ayi, basi. Ulemu umenewu, wosiyira munthu kuti atole yekha chomwe watola, n'chifukwa chiyani mwana timam'mana? Timam'tenga ngati mtsuko wopanda kanthu woti aliyense wodutsa athiremo madzi ake. Sewero limakhala shuga chabe wokutira kwinini, ndipo anawo si opusa, kuwawako amakumva msanga.

Wina anena kuti nthano za agogo nazonso zinali ndi mwambo. Zoona. Koma taganizani bwino. Kalulu wa m'nthano ndi wakuba, wabodza, ndipo kawirikawiri amapulumuka. Agogo sankamusambitsa kuti akhale chitsanzo chabwino. Ankamusiya ndi ukathyali wake, mwana n'kugona akusinkhasinkha yekha. Chinanso, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, nthano inkayenda ndi chilolezo cha ana. Agogo akati "Padangokhala", ana ankayankha "Tilitonse", ndipo ankayankhabe mpaka kumapeto. Akasiya kuyankha, kaya agona kaya yawatopetsa, nthanoyo inkafera pomwepo. Mphamvu inali ndi omvera. Lero ana amabwera pamzere, aphunzitsi ali pambali ndi kamtengo m'manja, ndipo ngakhale sewero likhale lozizira ngati nsima ya dzulo, manja aomba ndithu. Wazisudzo sadzadziwa kuti walephera, lipoti nalo lidzati zonse zinayenda bwino.

Ndiye palinso ichi: digiri imakweza munthu. Akaphunzira kwambiri amapatsidwa ofesi, galimoto ndi misonkhano ya kunyanja, ndipo amene amakaima pamaso pa ana ndi anyamata a Fomu 4 omwe awaphunzitsa masiku atatu. Wodziwa kwambiri za ana ndi amene sakumananso ndi mwana.

Ndikanakhala ine wokonza maphunzirowa, mayeso omaliza sakanachitikira muholo ya yunivesite pamaso pa mapulofesa. Ndikanam'tengera wophunzirayo pabwalo la ku Ndirande kapena ku Chinsapo Loweruka masana, popanda mphunzitsi, popanda masiwiti, kumbali kuno anzawo akumenya mpira wachikulunga. Ayambe sewero lake pamenepo, ife tiime patali ndi wotchi, tiwerenge kuti pakatha theka la ola patsala ana angati.