ONYAMULA MAKALATA NDI MPHOTHO YAO

Werengani Deuteronomo 24:14, 15, Nehemiya 5:1-13, Luka 14:28-32.

Ndani mwa ife amene sanadikirepo kalata? Mai amene mwana wace ali kutali ku nchito awerenga masiku, nafunsa yense wocokera ku positi ngati dzina lace lachulidwa. Kalatayo ikafika tiyamika wolemba, ndipo mukakhala ndarama m'katimo tiyamika koposa. Koma munthu amene anaisankha usiku pakati pa makalata zikwi, ndi mnzace amene anaisenza m'thumba pa mvula, sitiwakumbuka konse. Mwezi uno tifuna kuwakumbuka, ndi kufunsa funso limene libvuta Akristu ambiri olembedwa nchito: kodi mphotho ikacepa, ndipo anzathu akapangana kunyanyala nchito, ife ticitenji?

Tiyambe ndi Malembo. Mwa Mose Mulungu analetsa kusautsa wolembedwa nchito waumphawi, nalamula kuti alipidwe tsiku lomwelo, pakuti moyo wace utsamira pa malipirowo. Cotero mphotho si mphatso imene mbuye apatsa akakondwa; ndiyo ngongole, ndipo Mulungu mwini ndiye mboni yace.

Taonaninso za Nehemiya. Masiku a kumanga linga la Yerusalemu, aumphawi anapinyolitsa minda yao cifukwa ca njala ndi msonkho. Sanang'ung'udze yense m'nyumba mwace, koma anapfuula pamodzi, amuna ndi akazi. Nehemiya anamva, nasonkhanitsa anthu, nadzudzula akuru pamaso pa onse; iwo nabvomera kubweza mindayo, nalumbira pamaso pa ansembe. Pano tiona zitatu: dandaulo linenedwa pamodzi, mlandu ukambidwa poyera, ndipo pangano limangidwa kolimba.

Zitatu zimenezi ndizo nchito yeniyeni ya bungwe la anchito. Munthu mmodzi akapita kwa mbuye kukapempha mphotho yoonjezera, auzidwa kuti khomo liri lotseguka. Mutu umodzi susenza denga. Cifukwa cace anchito asankha owanenera, amene akhala pansi ndi eni nchito kukambirana za malipiro, za maora ndi za masiku opumula. Ndipo cimene agwirizana cilembedwa, cikhala ca onse. Kunyanyala kudza pambuyo, kukambirana kukalephereka. Timve tsono za onyamula makalata m'maiko awiri.

Ku America, kufikira caka ca 1970, anchito a positi analibe mphamvu ya kukambirana za malipiro ao. Amene anaika malipirowo ndi aphungu a nyumba ya malamulo, ndipo anchito anangopempha. Woyamba nchito analandira madola 6,176 pa caka, ndipo anayenera kugwira zaka 21 kuti afike pa madola 8,442. M'mudzi waukuru wa New York, kumene zinthu zigulidwa mtengo wapatari, ndarama zotere sizinakwanire banja. Koma aphungu aja, m'caka ca 1969, anaona malipiro ao a iwo eni alikukwera kucokera pa madola 30,000 kufika pa 42,500.

Pa 17 Marici 1970 onyamula makalata a ku New York anasonkhana, naponya voti. Ofuna kunyanyala anaposa, ndipo m'mawa mwace nchito inaima. Lamulo la dziko linaletsa anchito a Boma kutero, ndi akuru a bungwe lao lomwe sanakondwere nako, koma moto unafalikira ku midzi yina kufikira anthu ngati 200,000 analeka nchito. Pa 23 Marici mtsogoleri wa dziko, Richard Nixon, anatumiza asilikari kukagwira nchito ya positi ku New York. Pamenepo padaoneka cimene ambiri sanacidziwe: kusankha makalata ndi luso, ndipo msilikari sangaliphunzire tsiku limodzi. Atapita masiku 8 anchito anabwerera, Boma litabvomera kukambirana nao. Anaonjezeredwa magawo 6 pa 100. Ndipo pa 12 Ogasiti 1970 linasindikizidwa lamulo latsopano limene linaonjezanso magawo 8, ndi kuwapatsa ufulu wa kukambirana za malipiro. Zaka 21 zija zinatsika kufika pa 8. Kunyanyala kunakhalabe koletsedwa. M'malo mwace kunaikidwa kuti mbali ziwiri zikalephera kumvana, mlandu upite kwa oweruza apakati, ndipo mau ao amange onse.

Ku Britain zinthu zinayenda mwina. Bungwe la anchito a positi, lotsogozedwa ndi Tom Jackson, linapempha magawo 15 pa 100. Eni nchito anati apereka 8. Pa 20 Januwale 1971 nchito inaima m'dziko lonse. Koma bungwelo linalibe nkhokwe yokwanira kudyetsa anthu ace, ndipo onyanyala sanalandire malipiro a sabata ndi sabata. Mafoni ambiri anapitirira kugwira nchito, ndi Boma linalola anthu apadera kunyamula makalata, kotero kuti dziko silinagwade monga anayembekezera. Atapita masabata 7, pa 8 Marici, anabwerera ku nchito ali ndi ngongole, osalandira cimene anapempha. Pambuyo pace anthu oikidwa kufufuza mlanduwo anawapatsa magawo 9.

Mbali zonse ziwiri dandaulo linali loona, ndi anthu anagwirizana. Koma ena anapindula, ena anatayapo. Apa tikumbuke mafanizo awiri a Ambuye wathu, la womanga nsanja ndi la mfumu yopita kunkhondo. Onse awiri auzidwa kukhala pansi ndi kuwerenga asanayambe. Ndipo mfumu ikaona kuti mphamvu yace yacepa, itumiza amithenga kukapempha mtendere mdani akali kutari. Ambuye ananena izi za kutsata Iye, koma nzeru yomweyo igwira paliponse. Akuru athu anati, walira mvula walira matope.

Tsono kwa inu Akristu olembedwa nchito tinena izi.

Coyamba, musathawe msonkhano wa anzanu. Amene akhala kunyumba pokambidwa mlandu, nadza kudzalandira phindu lace, afanana ndi munthu wosalima amene afika pa nthawi ya kudya. Pitani, mverani, nenani zoona, ngakhale zoonazo zisakondweretse opsa mtima.

Caciwiri, yesani njira zonse za mau musanaleke nchito. Sankhani okunenerani amene sakonda ciphuphu kapena kuchuka. Cimene mupempha cikhale cimene mungacinene pamaso pa Mulungu osacita manyazi. Dziwaninso cimene lamulo la dziko lanu lilola. Sitiyamika kuswa lamulo, ngakhale a ku New York anapulumuka. Pakuti iwo anaika nchito zao ndi ufulu wao pangozi, ndipo wina wotsata mapazi ao osaganiza akhoza kutaya zonse.

Cacitatu, werengani mtengo wace. Kodi m'nkhokwe muli cimanga ca masabata angati? Kodi mwauza akazi anu, amene adzaona ana alikulira? Munthu asaponye voti pa msonkhano asanakambe ndi a m'nyumba mwace. Ndipo amene ali nazo zambiri akonzeke kugawira amene alibe, pakuti njala ndiyo iyamba kuswa cigwirizano.

Cacinai, sungani manja anu. Makalata amene ali m'manja mwanu si a Boma, ndi a eni ace. Musataye, musatsegule, musaononge ngakhale imodzi. Mnzanu amene wabwerera ku nchito cifukwa mwana wace adwala musampande, musamchule maina oipa. Mudzakhala naye pa gome limodzi la Ambuye.

Kwa inu amene mulemba ena nchito, ngakhale ndi mnyamata mmodzi woweta ng'ombe kapena waganyu m'dimba, mau ali awa: musadikire kuti anthu aleke nchito musanawamve. Aphungu a ku America akadamva madandaulo pa nthawi yace, asilikari sakadatumidwa kukasankha makalata. Mbuye amene amva anthu ace pokhapo atamuumiriza awaphunzitsa yekha kuti kupempha mwaulemu kulibe phindu, ndipo cimo limenelo liri pa iye.

Ndi ife amene tingodikira makalata, tsiku lina positi ikatsekedwa tidzapsa mtima, pakuti ndarama za sukulu kapena za mankhwala zidzacedwa. Kubvutika kwathu kudzakhala koona, ndipo onyanyala ayenera kukukumbuka ndi kufupikitsa masikuwo monga angathe. Koma tisanawatemberere tifunse ngati tinawamverapo cisoni masiku onse amene anatitumikira ali cete.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, amene muona wogwira nchito usiku ndi woyenda pa dzuwa, patsani eni nchito makutu akumva, ndi anchito mitima yodekha ndi yolimba. Khalani pakati pao pokambirana, kuti pangano lao likhale lolungama, ndi ana asagone ndi njala. Mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.