Kodi mawu a dokotala amakalamba?

Akuluakulu amati mawu a akulu akoma akagonera. Sinditsutsa. Koma alipo mawu ena amene akagonera zaka makumi atatu amafunika kuwanunkhiza kaye, monga timachitira ndi ndiwo za dzulo. Ndikunena mawu amene munthu amauzidwa kuchipatala ali mwana, iye osatha kufunsa kanthu.

Ine ndinabadwa ndi maso osakhazikika. Amagwedezeka okha uku ndi uku, ndipo lakumanzere limakhotera kumphuno. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kwathu kufupi ndi Chintheche, mayi ananditengera kwa wachipatala wina amene anandiunika ndi tochi n'kunena kuti, "Amayi, n'chibadwa ichi, palibe chochita." Mawuwa anakhala ngati lamulo. Bambo anandiletsa kukwera bwato, poti munthu wosaona bwino sangaponye chilimira usiku pamene anzake akuwalitsa nyali kuitana usipa. Kusukulu anandikhazika kutsogolo, anzanga n'kumandifunsa kuti kodi ndikuyang'ana yani.

Nditakula ndinamva kuti mavutowa ndi awiri, osati limodzi. Kugwedezeka kuja madokotala amakutcha nystagmus. Kukakhala kobadwa nako nthawi zambiri sikutheratu, ndipo kumapezeka kwambiri mwa abale athu achialubino, ngakhale ine sindine mmodzi wa iwo. Kupendeketsa mutu kumene aphunzitsi ankandikalipira nako kunali nzeru ya thupi: pali mbali imene maso amadekhako, ndipo mwana amaipeza yekha. Kukhota kwa diso, kumene amati strabismus, ndi nkhani ina. Diso likakhota, ubongo wa mwana umayamba kulinyalanyaza poopa kuona zinthu ziwiriziwiri, mpaka limafooka. Magalasi, kumata diso lamphamvu kwa maola angapo pa tsiku, kapena opaleshoni ya minofu ya diso, zimathandiza, makamaka mwana asanapitirire zaka zisanu ndi ziwiri kapena zitatu.

Ndiye kuti wachipatala uja ananena zoona theka. Funso langa lagona pa theka linalo.

Kodi analakwa? Mtima wanga umafuna kuti inde. Koma taganizani za nthawi imeneyo. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinatsegulidwa mu 2000, ine nditamera kale ndevu. Akatswiri a maso anali kutali, ku Lilongwe, ku Nkhoma ndi ku Blantyre. Mwina bamboyo anayang'ana chitenje chothaitha cha mayi, n'kuwerengera mtengo wa basi, n'kuona kuti kuwauza za opaleshoni n'kuwasenzetsa katundu amene sangamutule. Ngati zinali choncho, anachita mwachifundo. Komatu chifundo chotere chili ndi mbola: chimamusankhira wosauka zoti adziwe. "Palibe chochita" ndi "chochita chilipo koma chili kutali" si mawu amodzi. Oyambawo amatseka khomo. Achiwiriwo amalisiya losatseka, ndipo ndani akudziwa kuti malume amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, monga Atonga ambiri, sakanatumiza kangachepe? Banja likanatha kulephera, inde, koma likanalephera lokha litayesa.

Ena amandiuza kuti kufukula zimenezi n'kusayamika, poti kuletsedwa kunyanja ndiko kunandikankhira kusukulu. Mfundoyi sindiilandira. Mwayi umene munthu waupeza pothawa tsoka sulungamitsa tsokalo. Wina wa maso ngati anga anangosiya sukulu sitandade 3 chifukwa bolodi silinkaoneka.

Chimene chimandivuta kwenikweni n'chakuti mawu aja sanathere kuchipatala. Anayenda pakamwa pa mayi, pa agogo, pa aphunzitsi, mpaka ine ndemwe ndinkawabwereza kwa aliyense wondifunsa, ngati dzina la mfunda. Lero ku Mzuzu kuli madokotala a maso, ndipo yunivesite ya kumeneko imaphunzitsa oyeza maso. Komabe mwezi wathawu ku Kande ndinaona kamtsikana ka diso lokhota kakugulitsa mango m'mbali mwa msewu wa M5. Nditafunsa agogo ake ngati anapita nako kuchipatala, anati, "Pepani bambo, n'chibadwa chimenecho." Kali ndi zaka zisanu.